Mpando Wachiwiri wa a Wilkins

Kapepalako anakapeza a Laston m'thumba la jekete, m'mawa wa tsiku lometa, akusanthula zovala za malemu mchimwene wawo. Panali masiku khumi ndi awiri, onse a Lachinayi, lililonse lochongedwa ndi bolopeni, ndipo m'munsi mwake dzina ndi nambala ya foni: Asiyatu. Anakawerenga kawiri, nakapereka kwa mlamu wawo Eunice ndi nkhope ya munthu amene wagwira mbava koma akudikira kuti mwini katundu ayambe yekha kukuwa.

Eunice sanakuwe. Ankadziwa kale, kapena tinene ankaganiza kuti akudziwa. Chimwalirireni mwana wawo Tikondane zaka zitatu zapitazo, amuna ake a Wilkins anasanduka chitsa. Ntchito yonyamula katundu ku bwalo la ndege ku Chileka inatha, munda unamera tchire, ndevu zinafika pachifuwa, ndipo dzina la mwanayo silinkatchulidwanso m'nyumba. Kenako chaka chatha munthu uja anameta, nayamba kupolisha nsapato, kuimba mluzu posamba, Lachinayi lililonse n'kupalasa njinga wa ku Lirangwe. Akafunsidwa ankangoti kuli msonkhano. Nanga chimametetsa mwamuna wa zaka makumi asanu n'chiyani? Eunice anangomeza, koma chikaiko chinamukhala mumtima mpaka Lachinayi limene minibasi inawagunda akubwerera kunyumba.

A Laston anali ndi zawo. Pamaliro panabwera anthu asanu osadziwika, osati a mpingo, osatinso a kuntchito, ndipo analira kuposa abale. Iwo anafunsafunsa, namva kuti ndi gulu limene a kafukufuku analemba maina. Munthu sakulemba dzina chabe, anatero, ndipo ankati asonkhanitse anyamata akalibalalitse gululo lisanadye wina. Eunice anawapempha kuti adikire. Nkhope ya mkaziyo ankafuna kuiona yekha.

Lachinayi anavala mpango wakuda nakwera kabaza. Anamupeza Asiyatu ku Lirangwe, kuseri kwa kachipatala kena, akusesa pansi pa mtengo wa mango: mayi wooneka bwino, wa mawu ofewa, mtundu weniweni umene Eunice ankauopa. Asiyatu anamuzindikira, nagwada, napepesa maliro. Eunice sanamupatse dzanja, anamupatsa kapepala kaja.

Asiyatu anafotokoza mosathamanga. Linali gulu la anthu olemedwa mumtima, lokumana milungu khumi ndi iwiri kungokambirana, popanda jakisoni kapena mapilitsi. A kafukufuku ankafunsa aliyense mafunso omwewo poyamba ndi pomaliza, za tulo, za chakudya, za maganizo ofuna kufa, n'kuyerekeza ndi anthu ena amene anali asanalowe m'gulu. Kafukufukuyo anatha kalekale, koma anthuwo anakana kusiya kukumana.

"Ndiye kulongolola kungachize munthu?" anafunsa Eunice mouma.

"Si onse, mayi. Ena anasiyira panjira, ena sanasinthe. Mayankho a bambo anasintha kwambiri. Koma mapepala asiyeni. Inu munkakhala nawo, munaona chiyani?"

Eunice anabweza maganizo m'mbuyo. Anaona ndevu zometedwa, nsapato, mluzu, mizere yatsopano m'munda. Umboni wonse umene anausunga chaka chathunthu kuti adzawagwire nawo amuna ake unali pomwepo, wosasowa ngakhale umodzi, koma ukunena nkhani ina. Manyazi anamugwira, ndipo manyaziwo anamupsetsa mtima.

Anafunsa zimene a Wilkins ankanena kumeneko. Asiyatu anati zolankhulidwa pansi pa mtengowo zimathera pomwepo, ndilo lamulo, ngakhale munthu atamwalira. Chikaiko chija chinadzukanso chamoyo. Mkazi wakunja kumusungira iye, mwini wake, zinsinsi za amuna ake! Anamanga chitenje kuti azipita, ndipo mumtima anali atawalola kale a Laston kuchita zimene ankafuna.

Apo n'kuti a gulu akufika mmodzimmodzi, nkhope zomwe zija za pamaliro. Bambo wina wachikulire wotsimphina, amene anzake ankamutcha a Khalid, analowa m'kachipinda kosungiramo zinthu natulutsa timipando tiwiri ta mtengo. Eunice anaima. Kakhomedweko ankakadziwa, misomali yopindira mkati, monga pa benchi ya pakhonde kwawo imene anakhoma a Wilkins.

A Khalid anaika timipandoto moyandikana m'bwalo la anzawo, monga mwa chizolowezi, kenako anazindikira zimene achita, nayang'ana Asiyatu.

"Ichi si chinsinsi," anatero mkuluyo. "A Wilkins anapanga iwiri tsiku loyamba lomwe. Uwu ankakhalapo okha. Uwu ankaupukuta Lachinayi lililonse, osalola munthu kukhalapo. Tikawaseka ankati mwini wake ndi wovuta, koma naye anaika mwana yemweyo m'manda, adzabwera."

Eunice anatembenuza kampando kachiwiriko. Kunsi kwake kunalembedwa ndi penti wotsala pa chitseko chawo chobiriwira, zilembo zokhotakhota: Make Tikondane.

Zaka zitatu palibe anamuitanapo choncho. Anapukuta fumbi ndi nsonga ya mpango wake, nakakhazika pansi pafupi ndi kanzake, n'kukhalapo.