Mzati wa Yotamu

Sabata imeneyo achimwene anga a Yotamu sankakhazikika. Chakudya ankangochitoma, kenako n'kubwerera ku pepala lawo la pulani, pensulo ili kukhutu. Ndinkawayang'ana mtima ukuwira, chifukwa ndinkadziwa chimene chinkawazunguza mutu.

Ineyo ndine amene ndinasiyiridwa ntchito ya mankhwala ndi agogo athu aamuna, malemu a Sandalamu. Odwala ndinkawalandirira pakhonde, ndipo mvula ikabwera tinkanyowa tonse. Choncho abale anagwirizana zomanga nyumba yamatabwa yolandiriramo odwala, yomwenso tizikumaniramo pa nsembe ndi pa miyambo ya pamtundu. Ntchito anaipereka kwa a Yotamu popeza ndi akalipentala. Tinapangana kuti mitengo ichokere m'munda wathu wa bulugamu, ndipo tidule mosiya zitsa kuti ziphukirenso.

Zonse zinkayenda bwino mpaka tsiku limene achimwene anaganiza zoti mzati wapakati ukhale wa mlombwa. Mlombwa kwathu unatsala umodzi wokha, wa kuseri kwa chulu, ndipo ndi umene ndimatengako utomoni wofiira ndi makungwa pochiza zipere ndi zilonda.

"Achimwene, mwazungulira mutu kodi?" ndinawafunsa. "Mukadula umenewo, odwala ndiziwapatsa chiyani?"

"Achemwali, inu za mizu, ine za matabwa," anayankha osandiyang'ana n'komwe. "Bulugamu amang'aluka. Mukufuna anthu azidzati Yotamu anamanga khola la mbuzi?"

Ndinalankhula masabata atatu mpaka kukhosi kuuma. Ndinawatumira alamu anga, osathandiza. Lachiwiri m'mawa achimwene anapita kukatema mtengowo kawiri ndi nkhwangwa ngati chizindikiro, n'kuuza munthu wa makina odulira kuti abwere Lachitatu. Ndinakwiya moti sindinawapatse moni.

Masana a tsikulo kunatentha koopsa. A Yotamu anadzigoneka pa benchi yawo yopalira matabwa kuti apumeko pang'ono, tulo n'kuwaba. Zimene anaona anandifotokozera okha.

Akuti anapezeka ali m'nyumba ija itatha kale. Munkanunkhira matabwa opalidwa kumene, ndipo kuwala kunkalowa m'mipata ya phaso. Pansi panali mphasa zambiri, pa mphasa iliyonse pali wodwala, koma panalibe wobuula kapena wotsokomola. Onse ankangoyang'ana mzati wa mlombwa uja, wosalala, wonyezimira. Chimene chinkamveka chinali chimodzi chokha: tho, tho, tho. Utomoni wofiira ngati magazi unkatsika pa mzatiwo n'kumadontha pansi, ndipo unali utafika kale m'zala za kumapazi kwa achimwene, uli wofunda.

Kuseri kwa mzatiwo kunatulukira agogo a Sandalamu, atavala jekete lawo lakale long'ambika pachigongono, akununkhira utsi ndi mizu. Anayang'ana denga, anayang'ana odwala, kenako anapukusa mutu monga ankachitira tikawatayira mankhwala tili ana.

"Yamangika," anatero chapansipansi. "Nanga awa amwa denga?"

Agogo anayandikira, n'kuwagwira achimwene pamutu, kumanzere kwa liwombo. Dzanja lawo linali lozizira komanso lokhakhala.

"Chipere chinali apa chinachoka ndi chiyani, iwe?"

Kenako agogo anati, "Usandiyendetsenso mtunda wonsewu pa nkhani yopusa ngati imeneyi."

A Yotamu anadzidzimuka n'kugwa pa benchi. Ndinawaona akudutsa pakhomo panga ali wefuwefu, malaya atanyowa ndi thukuta, dzanja lili pamutu. Ndinawatsatira. Ndinakawapeza kuseri kwa chulu atagwada, akukanda dothi ndi madzi n'kumamata pa mabala awiri aja. Utomoni unali utayenderera mpaka pansi pa mtengowo.

"Upola kodi, achemwali?" anandifunsa.

"Mukausiya upola."

Munthu wa makina atabwera Lachitatu, anamutengera ku bulugamu. Achimwene anasankha mitengo inayi yowongoka, anaidula mosiya zitsa, anaiumitsa pamthunzi, kenako anailumikiza pamodzi kukhala mzati umodzi. Khomo analitembenuza kuti liyang'ane kuchulu, moti wodwala akagona pa mphasa amauona mlombwawo. Zitsa zija zinaphukira mvula yoyamba itangogwa.

Tsiku lotsegulira nyumbayo, titathira nsembe, achimwene anaimirira n'kuyamba kufotokozera anthu nzeru zimene agogo anawapatsa kutulo. Anthu ankangovomera, ena mpaka kuomba m'manja. Ine ndinaluma mlomo. Mawu omwewo ndinawalankhula masabata atatu dzuwa likuswa mtengo, ndili ndi moyo, ndipo palibe anandiombera m'manja.

Anthu atabalalika, achimwene anabwera ndi mdzukulu wawo wamkazi atamunyamula, kamutu kali ndi chipere. Anakhala pa mphasa yoyamba pafupi ndi mzati wawo wa bulugamu, maso ali pansi.

"Achemwali, tithandizeni."

Ndinatenga mpeni ndi kachikho.

"Ndikuthandizani," ndinatero. "Koma ulendo wina mudzandimvere ndikadali moyo. Agogo atopa nako kuyenda."