Kamera Yamatabwa ya a Lyton

A Lyton, ojambula zithunzi pa Nsaru, anapalasa njinga mpaka ku Namitete kukagula kamera yamatabwa, ija yojambula utafunda nsalu kumutu. Mafoni anali atawalanda ntchito, ndiye ankati mwina chachilendochi chikoka anthu. Mwini kamerayo anawatsitsira mtengo asananenerere n'komwe, n'kukaitulutsa m'chipinda chosungira chimanga.

Anafika kunyumba miyendo itachita dzanzi. Ataika kamerayo pamkeka n'kuigogoda pang'ono, fumbi longa ufa linayoyoka m'timabowo tosawerengeka. Anankafumbwe anali atadya thabwa lonse m'kati.

Akazi awo anayang'ana fumbilo, n'kuusa moyo.

"Bambo a Queen, anankafumbwe a m'nyumba muno tinathana nawo ndi mankhwala. Inu mwakagula ena, mpaka kuwakweza panjinga?"