Ulemu wa Mkamwini ndi Nkhumba Zinayi

Amuna anga, a Stefano, ndi munthu waulemu, ndipo ulemuwo ndi umene unatipweteka. Anabwera kwathu ku Mavwere kudzakhala chikamwini zaka khumi zapitazo. Akaona amayi anga akubwera m'njira, ankapatuka mpaka kuponda minga. Amayi ankawatama kuchitsime kuti mkamwini wawo ndi woleredwa bwino.

Pakhomo pathu chimbudzi chinali chimodzi, kuseri kwa nyumba ya amayi. Anakumba ndi a Stefano omwewo, koma sanalowemo ngakhale kamodzi. Nanga mkamwini angalowe mmene mumalowa apongozi? Atakumana pakhomo pake nkhope angaziike kuti? Choncho m'mawa uliwonse ankanyamula khasu ngati akupita kudimba, n'kulowera kuthengo. Khasulo linali lophimba anthu m'maso, koma nkhumba zathu zinayi sizinkapusitsika. Tikakolola timazitsekulira kuti zizidzifunira zokha chakudya, ndiye zikangowaona zinkadzambatuka n'kuwalondola. Ine ndinkafa nazo chiseko.

"Bambo a Ivy, alonda anu akudikira," ndinkatero.

Pobwerako ankafukula mbatata paphulusa n'kumusendera mwana wathu Ivy asanapite kusukulu. Mwanayo sankalola kuti wina amusendere. Ankati ine ndimasiya makoko.

Mu Julaye kunabwera a Phillip, ogula nkhumba aja oyenda panjinga yamoto. Anagwetsa imodzi, n'kuipingasa mtengo m'kamwa, n'kukoka lilime ndi kansalu. Pansi pa lilimelo panali timatuza toyera ngati mpunga.

"Masese awa, mayi. Iyi kuboma sidutsa."

Anayesa zinayi zonse, ndipo anabwerera chimanjamanja. Ife tinangoti tsoka. Imodzi tinapha, ina nyama tinagawana ndi anansi, yotsala tinathira mchere wambiri poti amati mchere umapha masese. A Stefano ankaotcha yawo mothamanga, m'kati mukadali mofiira, monga ankachitira chaka chilichonse.

Sukulu zitatsegulira, Ivy anagwa m'kalasi. Anauma thupi lonse, thovu lili kukamwa. Patatha sabata anagwanso pafupi ndi moto. Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire. Khunyu kwathu kulibe, kwa bambo akenso kulibe.

Kuchipatala cha kuboma tinapeza dokotala wachitsikana. Atamuyeza mwana, anayamba kufunsa ngati timaweta nkhumba, ngati zimagona m'khola, ngati tonse timagwiritsa ntchito chimbudzi. Mtima unandiwawa.

"Adokotala, ine ndabwera ndi mwana, osati nkhumba."

Dokotalayo anatipatsa timabotolo kuti aliyense wa pakhomo abweretse chimbudzi chake akachiyeze. Tsiku la zotsatira anatiitana awiri, ine ndi amuna anga.

"Bambo, m'mimba mwanu muli njoka, ija yaitali yaphanthiphanthi. Imalowa munthu akadya nkhumba ya masese yosapsa. Mazira ake amatuluka mukadzithandiza. Nkhumba ikadya zimenezo, ndiwo masese munaona aja."

"Nanga mwana?" anafunsa a Stefano.

"Mazirawo saoneka ndi maso. Akatsalira m'manja n'kufika pa chakudya, angathe kukakhazikika mu ubongo wa wodyayo. Kuti titsimikize mpaka makina a ku Lilongwe, koma ine ndikukayikira zimenezo."

A Stefano anatambasula manja awo pamaondo n'kumangowayang'ana. Kuthengo kulibe madzi osamba m'manja, zimenezo tonse awiri tinkazidziwa. Ndinafuna kuwakalipira, koma ndinakumbukira kuti amene ankaseka za alonda aja ndinali ine.

Tinalandira mankhwala, awo ndi a mwana. Titafika kumudzi ndinawafotokozera amayi zonse osabisa. Iwo anangoti, "Koma ndiye anthu atiseka."

"Aseke," ndinatero. "Amene akugwayo si mwana wawo."

Kukumba chimbudzi china kukanatenga masabata, nthaka ya mu Okutobala ndi mwala. M'mawa mwake a Stefano anatuluka opanda khasu. Amayi anali kusesa pabwalo pawo, dzuwa litatuluka kale. Amuna anga anadutsa pomwepo, maso ali pansi, thukuta likuyenderera m'khosi, mpaka kukalowa m'chimbudzi muja. Tsache linaleka kulira. Ndinadikira kuti ndimve mawu, koma amayi analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chigubu cha madzi ndi kachidutswa ka sopo. Anaziika pakhomo pa chimbudzicho, n'kukapitiriza kusesa atafulatira.

Nkhumba tsopano zili m'khola, zikudya gaga, ndipo zimalira ngati tazilakwira. Ivy akumwabe mankhwala, ndipo patha miyezi itatu osagwa. Bambo ake njoka inatuluka, m'manja amasamba mpaka sopo kutha msanga. Koma m'mawa mwanayo akawapatsira mbatata, iwo amaika manja kumbuyo.

"Senda wekha, mayi," amatero. "Wakula tsopano."