Mzere Umene Kalipentala Anapala

Kalipentala anali atakhoma zitseko zosawerengeka, koma bwato anali asanalikhudzepo. Tsono mlamu wake, msodzi, atabweretsa lake pangolo, iye analizungulira katatu manja ali kumbuyo, ngati akuzonda wodwala.

Wodwala weniweni anali msodziyo. Phewa linali litakana nkhafi. Mwana wake wamkazi, namwino, anamugulira kainjini ka batire, kaja koyendetsa bwato pang'onopang'ono munthu akukoka mbedza, ndipo ananena mosapsatira mawu: kakalephera, bwato ligulitsidwa, bambo akakhale naye kutauni m'nyumba yosanja.

"Ndiye mukhome bwino, alamu," anatero msodzi. "Ine ndi masitepe sitimwerana madzi."

Kalipentala sankagwira ntchito pa chinthu chakuda. Anakhazika bwato pa matayala awiri, analiwongola ndi levulo, chida chake choonera ngati chinthu chapendekeka, kenako anapala ndere yonse yobiriwira m'mbali mpaka penti yakale inaoneka. Anayeza, anadula thabwa lolimba, analimanga kumbuyo ndi mabawuti anayi, n'kupachikapo injini. Ntchito yake inali yaudongo, yoti n'kuikapo nsalu ya patebulo.

Loweruka m'mawa anakalitsitsa m'damu, namwino ataima pamtunda, chikwama kukhwapa. Msodzi anakhala pamalo pake pa masiku onse, chakutsogolo, n'kutambasula dzanja kutembenuza chogwirira cha injini. Injini inalira bwinobwino. Bwato silinasunthe. Kumbuyo kwake kunali kutanyamuka, ndipo mapiko a injini ankangonyambita madzi n'kumapemerera mphepo.

"Alamu, ndinapempha injini, mwandikhomera fani!"

"Vuto ndi mimba yanuyo. Sunthirani kumbuyo."

"Zaka makumi atatu ndimakhala pano. Ndisamuke lero chifukwa cha thabwa lanu?"

Namwino anayang'ana wotchi yake.

Kalipentala sanakwiye. Chimene chinamudabwitsa n'choti levulo sinamunamizepo. Anapinda buluku, n'kulowa m'madzi mpaka m'ntchafu, n'kuwerama. Pansi pa mpando, pomwe chopalira chake sichinafike, panatsala kamzere ka ndere kotalika ngati chala. Madzi ankathera pomwepo ndendende. Anayendetsa diso kuchoka pamenepo: mzere wa ndere umene anapala uja sunali wowongoka ayi, unkatsika chakumbuyo, monga mmene bwato limakhalira mwini wake ali mkati.

"Bwatoli linali litalemba kale muyezo wake," anatero motsitsa mawu. "Ine ndiye ndinafufuta."

"Mukuti bwanji, amalume?" anafunsa namwino.

"Ndikuti bambo akowa asagwedezeke. Ndipatse msomali m'bokosimo."

Anakanda mzere watsopano potsatira madzi, msodzi atauma gwa ngati akujambulitsa. Anakokera bwato kumtunda, anamasula mabawuti, anatsitsa thabwa ndi zala zinayi, mabowo akale n'kuwatseka ndi timitengo ndi phula. Batire nalonso analisunthira kumbuyo. Zinatenga maola awiri, ndipo namwino, amene ankati akuthamangira basi, ndi amene ankagwira sipanala.

Ulendo wachiwiri mapiko anamira. Bwato linanyamuka mwaulemu, mwakachetechete, likusiya kanjira kopyapyala pamadzi. Msodzi anazungulira kamodzi n'kubwerera, nkhope ataiumitsa dala.

"Liwiro lake ndi lomweli?" anafunsa namwino.

"Nsomba sizifuna phuma, mayi."

Namwino anavula nsapato n'kupatsira amalume ake chikwama.

"Chabwino, khalani ndi bwato lanu. Koma sunthani mwendowo, ndione ndekha ngati phewalo likupumadi."