Mazira a Lumbe

A Xadreque anaona utsi asanatsike n'komwe pa kabaza. Unkatuluka m'kankhalango ka kuseri kwa msika wa pa Boma la Mwanza, kamene iwo akhala akulondera zaka zisanu ndi ziwiri, akulimbana ndi otema nkhuni ndiponso ofuna mapuloti.

M'kankhalangomo munali lumbe, mbalame yosamanga chisa ija, imene imangoikira pansi m'masamba ouma. Inali itaikira mazira awiri patsinde pa msuku, ndipo m'mawa mwake okonda mbalame ochokera ku Blantyre ankabwera kudzaiona. A Xadreque ankaisamala ngati mwana wodwala. Ngakhale kutsokomolera pafupi nayo sankalola.

Atalowa pachipata anangoti kukamwa yasa. Pansi ponse panali mbee, mizere ya tsache ikuoneka. Tchire linali litatchetchedwa, mitengo itapakidwa laimu mpaka m'chiuno, milu ya masamba ikunyeka uku ndi uku. Amayi a mvano ankasesa akuimba mokondwa, ndipo wotsogolera nyimbo anali mkazi wawo yemwe, a Olímpia.

"Mwafulumira bwanji, bambo? Timafuna mudzangopeza zitatha," anatero a Olímpia akupukuta thukuta. "Alendo angafikire pazinyalala? Akanati mkazi wa mlonda ndi wauve."

A Xadreque anathamangira pamsuku paja. Panalibe ngakhale tsamba limodzi.

"Mazira aja ali kuti?"

"Musadandaule, sitinawaotche." A Olímpia anamasula nsonga ya chitenje monyadira. "Ndawatola m'mamawa, ndawatsukanso ndi sopo. Koma timadontho iti sitikuchoka ayi."

Bamboyu anawakhudza ndi chala. Anali ozizira ngati miyala ya mumtsinje. Akanakhala wina, Mwanza yonse ikanamva kukalipa kwawo tsiku limenelo. Koma angakalipire bwanji munthu amene analawirira, kumema anzake, kusenza laimu, zonsezi kuti mwamuna wake asachite manyazi? Mkwiyo unasowa pogwera. Anangokhala pansi, manja pamutu.

Nthawi yomweyo lumbe uja anatulukira mu utsi, akuuluka chapansipansi. Anazungulira msuku kawiri, n'kutera pamalo pomwe paja. Anasuntha pang'ono, natambasula nthenga zake bwinobwino, nayamba kufungatira dothi losesedwalo.

Nyimbo inaduka pakati. A Olímpia anayang'ana mbalameyo, kenako mazira amene anali m'dzanja lawo, ndipo tsache linawapulumuka.