Makutu a telala

"Tingotseka basi," anatero dokotala. "Chotupachi chafalikira paliponse."

Anali wodwala wachisanu ndi chiwiri tsiku limenelo, ndipo msana wanga unali utauma gwa. Ntchito yanga ndi yogonetsa anthu a opaleshoni. Ndimakhala kumutu kwa wodwala n'kumamupumitsa mpweya wamankhwala mpaka ubongo wake utasiya kulandira za m'maso, za pakhungu ndi za m'makutu. Kwa zaka makumi awiri ndakhala ndikuchenjeza anzanga kuti zimenezi sizibwerera pamodzi: munthu amatha kuyamba kumva asanathe n'kuphethira komwe. Koma tsikulo, pofuna kuweruka msanga, ndinatseka mpweya dokotala akumaliza kusoka. Ndinayasamula n'kuuza nesi kuti, "Bambo awa miyezi itatu sakwanitsa."

Bambowo, telala wa manja owonda, anali gone, osagwedeza ngakhale chala.

Pakhonde mkazi wake anandigwira dzanja. Dokotala anali atamuuza zonse, ndipo mayiyo anandipempha kuti mwamuna wake asadziwe, poti mtima wake ndi wochepa. Ndinavomera. Malonjezo otere ndawachita ambirimbiri, moti sandilemeranso.

Patapita masiku atatu ndikudutsa mu wodi, telala uja anandikodola.

"Achimwene ogonetsa, munati itatu?"

Ndinayesa kumuuza kuti mankhwala aja amalotetsa anthu zambiri.

"Munayamba mwayasamula kaye," anatero akumwetulira. "Thupi silinali langa, ululu kunalibe, maso osatseguka. Koma mawu anu ankandipeza ngati a munthu wa kuseri kwa khoma."

Ndinachita manyazi osaneneka. Ndinadikira kuti andilalatire, koma iye anangondipempha chinthu chimodzi, kuti mayi akunyumba ndisawauze kuti iye akudziwa, poti mtima wawo ndi wochepa. Ndinavomeranso. Ndinatuluka mu wodimo nditasenza mabodza awiri a banja limodzi, ndipo ndinatopa kuposa tsiku la opaleshoni lija.

Patatha mwezi ndinakumana ndi mkaziyo pamzere wolandirira mankhwala, ali ndi mwana wawo wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi. Anati bambo akuoneka amphamvu, tsiku lonse amakhala pamakina, koma ntchito za makasitomala anazibweza zonse.

"Kaya mpweya wanu uja unawasokoneza mutu," anatero akuyang'ana kumbali. "Munthu amene sanalakwitsepo muyeso wasokera mwanayu madiresi asanu ndi limodzi, lililonse lalikulu kuposa linzake. Lomaliza likhoza kundikwana ine."

Ndinawerama kuti ndipatse moni mwanayo. Diresi lake linali lomukwana bwinobwino m'mapewa, koma m'munsi linali lopindidwa katatu, ndi ulusi wosavuta kusomola.