Funso la Cornelius mu Holo ya ku Misuku

Eleanor Kabaghe anali ataphunzitsa za ndale ku yunivesite kwa zaka zambiri, nalemba ndi buku la momwe dziko linalowera m'zipani zambiri, koma kwawo ku Misuku anali asanaimepo pagulu kukamba za demokalase. Mpata unapezeka mu 2002, dziko lonse likukangana ngati mtsogoleri angaimenso kachitatu. A mpingo wa kwawo anamuitana kuti adzafotokoze zimene malamulo amanena.

Tsikulo holo ya tchalitchi inadzaza. Alimi a khofi anatsika m'mapiri wapansi, ena nkumasuzumira pa mawindo. Panja panaima lole yodzaza anyamata ovala makaka a chipani cholamula. Amene anabwera nawo anakhala pa benchi yakutsogolo: Cornelius, mchimwene wake wa Eleanor, wapampando wa chipanicho m'deralo. Ndiye analera Eleanor bambo awo atamwalira.

"Mwaghona, adumbu," Eleanor anapereka moni wa kwawo kwa mchimwene wakeyo, atapinda mawondo.

Cornelius anangogwedeza mutu, chipewa chili m'manja.

Abusa a Msukwa, amene ankatsogolera msonkhanowo, anakokera Eleanor pambali. "Mayi, atichenjeza m'mawa. A Cornelius akangovala chipewa chija, anyamata alowa. Mwina tingopemphera nkubalalika."

Eleanor anayang'ana azimayi amene anakhala pansi ndi makanda kumbuyo. Khomo linali limodzi lokha, la zitseko ziwiri.

"Tsegulani zitseko zonse ziwiri, abusa. Ndiyamba."

Eleanor anayamba. Anawerenga ndime ya malamulo m'Chingerezi, naimasulira m'chiyankhulo cha kwawo: munthu alamulire kawiri, basi. Asanapitirize, mwala unagwa padenga la malata. Phuu! Wina unatsatira. Makanda analira, anthu akumbuyo anayamba kukankhana.

Cornelius anaimirira. Maso onse anali pa dzanja lake logwira chipewa.

"Ndili ndi funso," anatero. "Ngati anthu eni ake akumufunabe munthuyo, iwe ndiwe yani kuti uwaletse? Si demokalase yomwe umaphunzitsayo imeneyo?"

Anyamata anakuwa panja. Funsoli silinali lachibwana. Nayenso Eleanor linamusowetsapo mtendere polemba buku lake, ndipo mayankho a m'kalasi anali ataliatali, osathandiza pamenepa.

"Adumbu, mu 1993 ndinu munkayenda m'midzi muno kutiuza kuti tivotere nyali ya zipani zambiri. Nthawi ija nayonso tinkauzidwa kuti anthu akufuna munthu mmodzi yemweyo. Malire amenewa tinaika tokha, mabala akadali aawisi, poopa kuti tsiku lina tidzaiwala. Sindikuletsa anthu ine. Ndikuwakumbutsa zimene anagwirizana."

"Nanga akasintha maganizo?"

"Asinthe. Koma afunsidwe popanda lole panja."

Mayi wina anaseka, nadzigwira pakamwa msanga. Nkhope ya Cornelius inachita mdima. Anakweza chipewa mpaka pachifuwa, naima choncho, akupuma mwamphamvu.

Kenako Cornelius anatembenuka, nadutsa pakati pa anthu, mutu uli pamtunda. Anamveka akukalipira anyamata aja panja. Patapita kanthawi lole inalira, nkutsetsereka kunka kumsika.

Msonkhano unatha bwino, koma nkhani inafika kutali. Cornelius anachotsedwa paudindo mwezi womwewo. Eleanor, yemwe ankayembekezera kukwezedwa kukhala pulofesa chaka chimenecho, anangouzidwa kuti adikire, chifukwa osamuuza. Awiriwo anasiya kuyankhulana.

Anadzakumana pa maliro a azakhali awo ku Kaseye, mvula itayamba. Pochoka kumanda, Cornelius anamupeza panjira.

"Ukudziwa, mlongo wanga, yankho lako lija silinandikhutitse."

"Inenso silinandikhutitse kwenikweni, adumbu."

Cornelius anamuyang'ana modabwa. Anayenda limodzi m'matope kubwerera kusiwa, akutsutsana mokweza mpaka apongozi ake a Cornelius anawadzudzula kuti pano ndi pamaliro.